Ndani ali m'mabuku athu, ndipo akuchitamo chiyani?

Anthu ambiri akamva zoti mabuku azionetsa anthu a mitundu yonse, amathamangira kuyang'ana chikuto. Akaona kuti pachikutopo pali ana asanu, wina wakuda, wina woyera, wina wafunda mpango kumutu, wina ali pa njinga ya olumala, amati basi, tapeza. Koma tatsegulani bukulo. Kawirikawiri mupeza kuti amene akuyankhula, kuganiza, kulakwitsa ndi kukonza zinthu ndi mwana mmodzi yekha, pomwe anayi aja angoima kumbuyo kwake akumwetulira ngati maluwa okongoletsera pabalaza. Wa pa njinga uja sanapatsidwe ndi dzina lomwe. Nkhope zilimo zambiri, koma nkhani ndi ya munthu mmodzi.

Mu 1990, Rudine Sims Bishop, amene anali pulofesa wa maphunziro pa Ohio State University, analemba kankhani kakafupi komwe aphunzitsi ndi oyang'anira malaibulale akukagwiritsabe ntchito mpaka lero. Iye anayerekezera mabuku ndi kalilole, zenera ndiponso chitseko chagalasi. Buku lina mwana amadzionamo yekha, banja lake ndi mayankhulidwe ake. Lina amasuzumiramo n'kuona moyo wa anthu amene sakuwadziwa. Lina amalowamo ndithu, n'kukhala ngati ndi mmodzi wa iwo mpaka tsamba lomaliza. Chimene ambiri amaiwala n'chakuti Bishop ankadandaulira ana a mbali zonse ziwiri. Wosowa kalilole amayamba kuganiza kuti anthu ngati iye si oyenera kulembedwa m'buku. Wokhala ndi akalilole okhaokha amakula akuyesa kuti dziko lonse ndi iye, ndipo ameneyu ndiye amadzavutitsa anzake akakula.

Vutoli linawerengedwa kalekale. Mu 1965 Nancy Larrick anafufuza mabuku a ana 5,206 amene anasindikizidwa ku United States kuyambira 1962 mpaka 1964, ndipo anapeza kuti 349 okha ndi amene munali munthu wakuda, ngakhale mmodzi. Laibulale ya Cooperative Children's Book Center, ya pa yunivesite ya Wisconsin ku Madison, inayamba kuwerenga mu 1985, ndipo chaka chimenecho inapeza mabuku 18 okha olembedwa kapena kujambulidwa ndi anthu akuda, mwa mabuku a ana pafupifupi 2,500. Pofika 2018 zinthu zinali zitasinthako, komabe mwa mabuku amene analandira chakacho, 50 pa 100 alionse anali onena za azungu, ndipo 27 anali onena za nyama, magalimoto ndi zinthu zina zosakhala anthu. Mukaphatikiza a anthu akuda, a ku Asia, a mtundu wa Latino ndi a eni nthaka a ku America, onse pamodzi ankafika 23. Zimbalangondo ndi akalulu zinkawaposa. Ku Britain nako, bungwe la CLPE, loona za kuwerenga m'sukulu za pulaimale, linapeza kuti mwa mabuku a ana a mu 2017, limodzi lokha pa 100 ndi limene mpangankhani wake wamkulu anali munthu wakuda, wa ku Asia kapena wa mtundu wina wosakhala wachizungu.

Ziwerengerozi ndi za mayiko awiri, ndipo musazitenge ngati chithunzi cha shelefu yanu. Kumene mabuku ambiri amachita kuchokera kunja, vuto limatembenuka: mazenera amachuluka, kalilole n'kusowa. Mlembi Chimamanda Ngozi Adichie anafotokoza mu 2009 kuti ali mwana ku Nigeria ankalemba nkhani za anthu oyera a maso obiriwira ngati thambo, osewera m'chipale chofewa ndi kudya maapulo, chifukwa ndi anthu okhawo amene ankawapeza m'mabuku. Choncho musanagule buku lina lililonse, dziwani kaye zimene muli nazo.

Kuwerenga zimene zili pa shelefu

Tengani kope kapena tsegulani tebulo pa kompyuta, mujambule mizere. Mzere uliwonse ndi buku limodzi. M'mipata yake mulembe mutu, chaka, mlembi, wojambula zithunzi, kenaka za mpangankhani wamkulu: ndi mtsikana, mnyamata kapena nyama, ndi wa mtundu wanji, amayankhula chinenero chanji, ali ndi ulumali kapena ayi, amakhala kumudzi kapena m'tauni, akuleredwa ndi ndani, kwawo n'kolemera kapena kosauka. Siyani mpata wina womaliza wolembamo mtundu wa nkhaniyo, kaya ndi yoseketsa, yoopsa, yachikondi, yofufuza chinsinsi, ya mbiri yakale kapena ya mavuto. Mpata umenewu ndi umene udzakudabwitseni kwambiri.

Ngati mabuku ali ochepera 300, awerengeni onse. Akakhala ambiri, muzitenga buku lachikhumi lililonse motsatira mmene aliri pa shelefu. Musamasankhe ndi maso, chifukwa dzanja limangopita pa mabuku amene mumawakonda kale, ndiye zotsatira zake zimatuluka zokoma kuposa zenizeni. Buku la zithunzi limatenga mphindi zitatu kapena zisanu, kotero anthu awiri akhoza kumaliza mabuku 100 m'mawa umodzi ndi masana ake. Mabuku aatali amafuna kuwerenga mutu woyamba, wapakati ndi womaliza. Womalizawo musaudumphe, pakuti n'kumene olemba ambiri amaonongera zonse.

Pali zolakwika ziwiri zimene zimachitika pafupifupi nthawi zonse. Choyamba ndi kulota. Buku likapanda kunena kapena kuonetsa kuti munthuyo ndi wa mtundu wanji, lembani kuti sizikudziwika, musamupatse mtundu chifukwa cha dzina lake lokha. Chachiwiri ndi kuganiza kuti nyama zilibe mbali. Gulu la Janice McCabe linafufuza mabuku a ana pafupifupi 6,000 osindikizidwa pakati pa 1900 ndi 2000, ndipo zotsatira zinatuluka mu 2011: pa chaka, apangankhani aakulu aamuna anali m'mabuku 57 pa 100, aakazi mu 31, ndipo kusiyanaku kunali kwakukulu kwambiri m'mabuku a nyama. Yang'anitsitsani zithunzi. Mbewa yosavala kanthu imatengedwa ngati yaimuna, yaikazi ndiye imamangidwa kariboni pamutu ndi kutalikitsidwa nsidze. Mwana wa zaka zinayi amazimvetsa zimenezi popanda womuuza.

Mukamaliza kuwerenga, bwererani ku mabuku aja amene mwalemba kuti muli anthu osiyanasiyana, muwayese. Mumuchotse m'maganizo mwanu munthu uja, muone ngati nkhani ikusintha. Ikapanda kusintha, munthuyo anangoikidwamo kuti chiwerengero chikwane. Kenaka funsani kuti vuto la m'nkhaniyo akulithetsa ndani. Mabuku ambiri onena za anthu osauka amakhala bwino mpaka patsala masamba anayi, kenaka kumatulukira mlendo wachifundo wochokera kutali n'kukonza zonse, eni ake akungoomba m'manja. Koma muyeso umene sunama ndi uwu: ganizirani kuti mukuwerenga bukulo mokweza m'kalasi, ndipo kutsogolo kwakhala mwana wofanana ndi wa m'bukuyo. Kodi akweza mutu kapena azyolika? Kodi pa nthawi yopuma anzake amuitana dzina la m'bukulo momuseka? Ngati mukukayikira, bukulo si lowerenga pagulu.

Mpata womaliza uja uonetsa china. Kawirikawiri mupeza kuti mabuku onse a anthu akuda ndi a ukapolo, tsankho kapena njala; onse a othawa kwawo ndi a nkhondo; onse a atsikana ochokera kumabanja osauka ndi a ukwati wokakamizidwa. Nkhani zimenezi n'zoona ndipo ziyenera kukhalapo. Koma mwana amene nthawi zonse akadziona m'buku amakhala akulira, amayamba kulithawa buku. Akufunanso kuona wofanana naye akuweta galu wosamva, akuthawa mfiti, akupita kumwezi, akunama kwa mayi ake n'kugwidwa. Pogula, yesetsani kuti pa buku limodzi la mavuto pakhale awiri kapena atatu amene munthuyo akungokhala moyo wake.

Pa za ulumali ndiye pamafunika diso lakuthwa, chifukwa zolakwika zake zimabwera zitavala chifundo. Pali nkhani imene mwana wosaona amachira patsamba lomaliza, ngati kuti chimwemwe sichingatheke asanapenye. Pali imene wolumalayo ndi mngelo, sakwiya, sachita nsanje, ntchito yake ndi kuphunzitsa anzake kuyamikira miyendo yawo. Kenaka amamwalira, anzakewo n'kukhala anthu abwino. Palinso chizolowezi chakale chopatsa chigawenga chipsera kumaso, diso limodzi, linunda kapena khungu lachialubino, kuti owerenga adziwiretu kuti uyu ndi woipa. Buku labwino limaonetsa mwana wosamva amene amayankhula ndi manja, amakangana ndi mchemwali wake pa za wailesi ya kanema, ndipo vuto lake lalikulu m'nkhaniyo ndi mpira umene wasowa. Zinthu zing'onozing'ono zimaulula ngati mlembi ndi wojambula anafufuza. Njinga yojambulidwa yaikulu, yokankha ndi munthu wina ngati ya m'chipatala, pomwe mwini wake ndi mtsikana wa zaka khumi amene amayenda yekha tsiku lonse, ndi chizindikiro choti wojambulayo sanamuonepo mwana wotere. Wogwiritsa ntchito njinga tsiku ndi tsiku amakhala ndi yomukwana thupi.

Zithunzi za khungu nazonso zili ndi misampha yake. Ojambula ena amajambula nkhope imodzi kasanu n'kungosintha utoto, mphuno ndi tsitsi zili zomwezo. Ena amakulitsa milomo kapena kuchepetsa maso mpaka kukhala chipongwe. Onani ngati anthu a mtundu umodzi m'bukulo akusiyana okhaokha, wina wamtali, wina wonenepa, wina woderako, monga zimakhalira m'banja lililonse. Onaninso kusindikiza: pa pepala lotchipa lomwa inki, khungu lakuda limasanduka chibanthu chimodzi, maso okha n'kumaoneka. Fufuzani buku lenilenilo m'manja, osadalira chithunzi cha pa foni.

Msinkhu ndi msinkhu

Kwa makanda, nkhani si yofunika kwenikweni. Amakopeka ndi nkhope, choncho timabuku tolimba ta zithunzi zenizeni za ana akuseka, kulira ndi kugona timakwanira, bola nkhopezo zikhale zosiyanasiyana. Kwa a zaka zitatu mpaka zisanu ndi ziwiri, mabuku ambiri a zithunzi amakhala ndi masamba 32 (chifukwa chake ndi chakuti pepala lalikulu la pamakina limapindidwa kukhala masamba 8 kapena 16), ndipo m'masamba ochepa chotero zithunzi zimanena zambiri kuposa mawu. Yang'anani kumbuyo kwa apangankhani. Akuphika ndani? Akuyendetsa basi ndani? Dokotala ndi ndani, wosesa ndi ndani? Apa ndi pamene mungaonetsenso mabanja osiyanasiyana: mwana woleredwa ndi agogo, wa kholo limodzi, wokhala ndi bambo omupeza, wotengedwa kukaleredwa kwina. Chenjerani ndi mabuku oyendera dziko, amene mtundu uliwonse umapatsidwa tsamba limodzi la chovala cha pachikondwerero ndi gule. Amaphunzitsa mwana kuti anthu ena amangovina, sapita ku ntchito Lolemba.

A zaka 8 mpaka 12 amakonda mabuku otsatizana, ndipo mpangankhani mmodzi amatha kukhala naye zaka ziwiri. Mukapeza mndandanda wabwino, gulani wonse kuyambira loyamba. Kugula lachitatu lokha n'kutaya ndalama.

Achinyamata amanunkhiza ulaliki patali. Buku lolembedwa kuti liwaphunzitse kulolerana amalisiya pa tsamba lachisanu. Chimene amafuna ndi mawu omveka ngati a munthu weniweni, ndi nkhani zimene akuluakulu amazizemba: matenda a maganizo, kuferedwa, kusakhutira ndi thupi lako, kukayikira chipembedzo cha makolo, kukonda munthu amene abale sakumufuna. Apa woyang'anira mabuku awerenge yekha buku lonse asanaliike, adziwe zimene zilimo, ndipo akhale ndi mfundo zolembedwa za mmene amasankhira mabuku. Kholo likabwera ndi dandaulo, mumalipatsa fomu lilembe tsamba limene lalikhumudwitsa, gulu la anthu atatu kapena asanu liwerenge buku lonse, ndipo bukulo likhalebe pa shelefu mpaka chigamulo chituluke. Popanda dongosolo lotere, amene wakweza mawu kwambiri ndiye amasankhira ana a anthu onse. Ndipo lolani achinyamata kubwereka osafunsidwa mafunso. Mnyamata amene akufuna buku la matenda a maganizo salitenga ngati ayenera kufotokoza kaye chifukwa chake pa kauntala.

Kwa akuluakulu nkhani imafupika: werengani mabuku omasuliridwa kuchokera ku zinenero zina, ndipo musayese kuti buku limodzi lakuuzani za dziko lonse. Gulu loiwalika ndi la akuluakulu amene angophunzira kumene kuwerenga. Bambo wa zaka 50 akapatsidwa kabuku ka bakha wovala nsapato sabweranso. Amafuna ziganizo zazifupi zonena za moyo wa munthu wamkulu: ntchito, ngongole, matenda, ana.

Buku limene munthu sangathe kuliwerenga

Mukhoza kukhala ndi nkhani zabwino zonse, koma ngati mwana wosaona sangazifikire, shelefuyo si yake. Bungwe la World Blind Union lakhala likunena kuti mabuku osakwana 10 pa 100 ndi amene amapezeka m'njira yoti osaona awerenge. Pangano la ku Marrakesh, lomwe linasainidwa mu 2013 n'kuyamba kugwira ntchito mu 2016, limalola mabungwe ovomerezeka m'mayiko amene analowamo kusandutsa mabuku kukhala a Braille (timadontho towerenga ndi zala), a zilembo zazikulu kapena omvetsera popanda kupempha kaye mwini buku, ndiponso kutumizirana mabukuwo pakati pa mayiko. Fufuzani ngati dziko lanu linalowamo komanso bungwe limene linapatsidwa udindowu.

Zilembo zazikulu zimayambira pa saizi 16. Kukulitsa tsamba pa fotokope sikuthandiza kwenikweni, chifukwa mizere imatalika, pepala limakula mosagwirika, ndipo zilembo zimatuwa. Ndi bwino kutaipanso. Mabuku a Braille ndi aakulu, moti buku limodzi wamba limatuluka m'mavoliyumu angapo, ndipo muziwaimika chilili. Mukawasanjikiza, timadontho timaphwanyika ndi kulemera, zala n'kulephera kutimva. Alipo mabuku a zithunzi oikidwa timapepala tapulasitiki toonekera mkati tokhala ndi Braille, oti kholo lopenya ndi mwana wosaona, kapena kholo losaona ndi mwana wopenya, awerengere limodzi. Pa kompyuta ndi pa foni, fayilo ya EPUB imalola kukulitsa zilembo ndipo pulogalamu yowerenga mokweza imaimva. PDF yopangidwa pojambula masamba ndi chithunzi chabe, pulogalamuyo imangoti zii. Kwa amene ali ndi dyslexia, vuto limene limachititsa kuti kulumikiza zilembo ndi maliwu kukhale kovuta, thandizo ndi zilembo zosakongoletsedwa za saizi 12 mpaka 14, mipata yotakasuka pakati pa mizere, mawu oyambira kumanzere osawakoka kuti afanane mbali zonse, ndi pepala losawala kwambiri.

Chinenero nacho ndi khomo. Mwana amaphunzira kuwerenga msanga m'chinenero chimene amayankhula kunyumba, koma osindikiza amazemba zinenero za anthu ochepa chifukwa mabuku ake sagulidwa ambiri. Apa pathandiza malo a pa intaneti monga African Storybook, Book Dash ndi StoryWeaver, amene mabuku awo ali ndi chilolezo cha Creative Commons: mukhoza kuwakopera, kuwasindikiza ndi kuwamasulira, bola mutchule mlembi ndi wojambula. Koma musasindikize chomasulira chilichonse musanachiyese. Mupatse munthu woyamwira chinenerocho awerenge mokweza pamaso pa ana awiri kapena atatu. Pamene lilime lake lapunthwa, kapena pamene ana ayang'anana, pali chiganizo chimene chatengedwa liwu ndi liwu. Ndakatulo ndi nyimbo ndiye zimafa kwambiri pomasulira. Nthawi zina kuli bwino kupeka ina yatsopano yogwirizana ndi chithunzicho.

Funso loti analemba ndani limabutsa mkangano. Mu 2015 mlembi Corinne Duyvis anayambitsa chizindikiro cha #OwnVoices, chosonyeza mabuku amene mlembi ndi wa gulu lomwelo la mpangankhani wake. Mu 2021 bungwe la We Need Diverse Books linasiya kuchigwiritsa ntchito, mwa zina chifukwa olemba ankakakamizika kuulula za moyo wawo zimene sankafuna kunena. Ife timaona kuti mlembi wakunja kwa gulu akhoza kulemba bwino ngati wafufuza ndi kupereka zolembazo kwa eni nkhani aziwerenge zisanasindikizidwe, ndipo ambiri amatchula zimenezi m'mawu othokoza kumapeto kwa buku. Komabe, ngati m'kope lanu lija mabuku onse onena za gulu lina analembedwa ndi alendo okhaokha, ndalama zotsatira zipite kwa eni ake.

Nanga mabuku akale okhala ndi zithunzi zonyoza? Ngakhale eni mabuku amafika pozindikira: mu 2021 kampani yosunga ntchito za Dr. Seuss, mlembi wa mabuku a ana wa ku America, inasiya kusindikiza mabuku ake asanu ndi limodzi pa chifukwa chomwechi. Kwa ana aang'ono, amene amangoona chithunzi popanda womasulira, achotseni. Kwa a ku sekondale, buku lotere likhoza kukhala phunziro labwino mphunzitsi akakhalapo, akuwafunsa kuti analemba ndani, liti, ndipo ankalembera ndani.

Mabuku atsopano akafika, musawapangire shelefu yawoyawo pakona yolembedwa kuti za zikhalidwe zina. Kumeneko kumapita okhawo amene atumidwa ndi aphunzitsi. Nkhani yofufuza chinsinsi ikhale ndi zinzake zofufuza chinsinsi, yoseketsa ndi zoseketsa, kaya mpangankhani ndi wa mtundu wanji. Musadikirenso tsiku lokumbukira olumala kapena mwezi wa amayi kuti muwatulutse. Ikani ena moonetsa chikuto, pa msinkhu wa maso a mwana ndiponso pofikika kwa munthu wokhala pa njinga, ndipo muziwasintha milungu iwiri iliyonse. Pakatha chaka bwerezani kuwerenga kuja pa kope lomwelo, koma ulendo uno muonjezere mpata wina: bukulo labwerekedwa kangati. Limene silinatuluke ngakhale kamodzi, liwerengereni gulu mokweza masamba asanu oyamba, mulekere pokoma, n'kulisiya patebulo.